Basi ya Kwawo kwa Selvi ndi Jekete la Abambo Anga

Ana inu, Tadala ndi mng'ono wako Ulemu, khalani pansi. Ndikudziwa kuti muwerenga izi mutagona chagada, miyendo ili kukhoma, koma ndati khalani pansi.

Mayi anu andiimbira kawiri sabata ino. Akuti Tadala wabwezedwa kusukulu masiku atatu chifukwa anaika chule m'chikwama cha aphunzitsi. Akuti ndikulembereni kalata ya malangizo, poti ndine agogo anu mundimvera. Mwana wanga ameneyu ndinamuyamwitsa ndine, koma sandidziwa.

Chule, Tadala? Uli fomu thu, nzeru zonse zimene unatengera kwa ine n'kukathera pa chule? Sindinakwiye kuti wachita zachibwana ayi. Ndakwiya chifukwa zachibwana zakozo sizinafikitse munthu kulikonse. Chule wavutika, aphunzitsi akuwa, iwe uli pakhomo kutsuka mbale. Wapindula ndani pamenepa?

Mverani za ine ndili msinkhu wakowo.

Kwathu ku Ntchisi basi inkadutsa kamodzi patsiku. Kamodzi, osati kawiri. Inu a ku Area 25 mukaima pamsewu pang'ono chabe anjinga zamoto amakulimbiranani ngati ndinu nyama yapaukwati, koma mumadandaulabe. Kuno ku Doha ndiye zimandiwawa mutu. Kuli sitima yapansi panthaka, yopanda ndi dalaivala yemwe, ina ikangochoka ina yafika, koma ndimaona atsikana akutsonya kuti yawasiya. Yakusiya? Sunasiyidwepo iwe.

Dalaivala wa basi yathuyo tinkamutcha Sindiima. Akaona ana asukulu awiri ali ndi masutikesi achitsulo, ankangoponda mafuta n'kutisiyira fumbi, chifukwa kukweza masutikesiwo pamwamba kunkamuchedwetsa. Ankaima pokhapokha akaona gulu pasiteji. Ine ndi mnzanga Esinati anatisiya kawiri, materemu awiri otsatizana, ndipo tinkafika kusekondale anzathu atayamba kale. Ahedi anatiuza poyera kuti tikachedwa kachitatu, malo athu apatsa ena. Malo a sekondale nthawi imeneyo sanali otola pansi. M'mudzi monse atsikana amene tinasankhidwa tinali awiri omwewo.

Teremu yachitatu inkatsegulidwa anthu atayamba kukolola, mikukwe ili mbwee m'minda. Ndinaiyang'ana mikukweyo tsiku lina n'kuona kuti yaima ngati anthu. Ndinamuuza Esinati kuti, "Sindiima akufuna gulu, timupangire gulu."

Tinamanga mapesi ndi luzi, mitu tinaika zikho. Tinatenga zitenje za amayi ndi za azakhali pachingwe, ndi maduku awo. Tinapanga amayi asanu, wina tinamubereketsa dzungu kumsana. Koma Esinati anati gulu la amayi okhaokha Sindiima salilemekeza, pakufunika bambo wooneka. Ndiye ndinalowa kuchipinda n'kutenga jekete la abambo anga, lakutchalitchi, limodzi lokhalo, ndi chipewa chake. Tinawakhazika onse pansi pa mkuyu, atafulatira kumene basi imachokera, ngati anthu othawa fumbi.

Basi inaima. Ana inu, kulira kwa mabuleki amenewo ndimakumvabe mpaka lero. Kondakitala asanatsike n'komwe, ife tinali titakankhira kale masutikesi pakhomo n'kukhala pampando.

"Tiyeni amayi, changu!" anatero kondakitala. "Abambo a jekete inu, mukupita kapena mukuperekeza?"

Abambo a jekete zii. Anawagwira paphewa, chikho chija n'kugubuduka mpaka mumsewu, chipewa chili pomwepo. Basi yonse inafa ndi phwete. Sindiima anafuna kutitsitsa, koma amayi ena onenepa amene anakhala kutsogolo anamuuza kuti akatitsitsa atsika nawo onse. Sindiima anatitukwana mpaka ku boma. Ife tinkangokukuta chimanga chokazinga chimene amayi anatimangira pansalu. Inu kamba wanu wapaulendo ndi zam'mapaketi zija zimachita phokoso kuposa kukhutitsa. Ife chinali chimanga chokazinga, mbatata zootcha, ndi botolo la chiponde loti likwane teremu yonse, ngakhale linkatha sabata yachiwiri.

Tinaganiza zonse kupatula chimodzi: zovalazo abweza kunyumba ndani? Ng'ombe zinafika pamkuyu paja anthu asanafike. Zinadya mapesi, n'kudyera kumodzi mkono wa jekete. Lamulungu lotsatira abambo anga, mkulu wampingo wathunthu, anawerenga zolengeza ali ndi malaya okha, kuzizira kwa ku Ntchisi kukuwadutsa m'mafupa. Mkwapulo wanga unandidikira teremu yonse ndipo sunaiwale. Koma malo anga sanapatse wina. Jeketelo linathera m'munda likuopseza mbalame, ntchito imene ndinaliphunzitsa ndine.

Musaganize kuti ndasochera. Nkhani imene ndikufuna mumve ndi ya chaka chatha, ndili kale ndi imvi.

Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito yochapa ndi kusita kuhotela ina ku Al Dafna, kumene nyumba zake ukaziyang'ana kumwamba duku limagwa. Ndinayamba kusita ndi simbi yamakala, ija ya katambala pamwamba, youzira ndi pakamwa mpaka maso kufiira, ndipo kakhala kamodzi kakagwera pa yunifolomu ndiye kuti sabata yako yaipa. Agogo anu aamuna atamwalira ndinasita kumalo ogona alendo ku Lilongwe, kenako ndinabwera kuno. Kuno shiti timangoilowetsa m'chimakina chachitali ngati minibasi, n'kutulukira mbali ina ili yosalala. Chimene makina athuwo sachita ndi kupinda. Kupinda shiti yaikulu kumafuna anthu awiri, wina uku wina uko, mumayandikirana, manja n'kukumana, n'kubwereranso. Mnzanga wopinda naye zaka zisanu ndi ziwiri tsopano ndi Selvi, wa kummwera kwa dziko la India. Amanditcha Akka, kutanthauza mkulu wake. Timalankhulana Chingelezi chothyokathyoka, chosakaniza ndi timawu ta Chiluya, koma timamvana kuposa mmene ndimamvanirana ndi mayi anu.

Mudzi wa Selvi sindinaupondeko, koma nditha kukujambulirani. Uli ndi tinjira titatu ta nyumba, kachisi, chitsime, ndi mtsinje umene umadzaza nthawi ya mvula. Papepala ndi mudzi wa anthu ambiri. Koma Selvi akayamba kutchula nyumba ndi nyumba, imodzi mwini wake ali kuno ku Doha, ina ali ku Dubai, ina banja lonse linapita kumzinda, ina yangokhomedwa loko wadzimbiri. Otsala ndi nkhalamba, makamaka amayi, ndi ana ochepa. Amati mudzi wawo umadzaza pafoni pokha. Ndinamuuza kuti zimenezo ndikuzidziwa, kwathunso amuna ankathera ku migodi ya ku Joni, m'mudzi n'kutsala amayi ndi agalu.

Sitima ya pamtunda imadutsa kutali, ulendo wa maola awiri. Tigalimoto ta matayala atatu sitifikako chifukwa msewu ndi woipa. Chimene ali nacho ndi njinga yamoto ya bambo wogula mkaka, ndi basi ya boma imodzi, yopita kutauni m'mawa n'kubwera madzulo. Basi imeneyo ndi imene mayi ake a Selvi amakwera popita kuchipatala. Ali ndi matenda a shuga ndi bala la paphazi losapola msanga. Ali ndi tsiku lawo loti akatsukidwe balalo n'kulandira mankhwala, ndipo likawaphonya amadikira nthawi yaitali kuti apatsidwe lina.

Tsiku lina Selvi anandipatsa nsonga za shiti n'kundiuza nkhani yoipa.

"Akka, basi akuichotsa."

Kondakitala anali atawanong'oneza mayi akewo kuti akuluakulu a mabasi aona kuti imayenda yopanda anthu. Atumiza munthu wodzawerenga okwera, tsiku lina lake m'masabata awiri akubwerawo, osanena kuti liti. Akapeza mipando ili mbee, njira imeneyo itsekedwa.

"Ikachotsedwa ndisiya ntchito, ndipite ndikawasunge," anatero Selvi. "Khalasi, zatha."

"Khalasi chiyani? M'mudzimo muli amayi angati amene miyendo yawo ikuyendabe?"

"Alipo ndithu. Koma sapita kulikonse, Akka. Akakatani kutauni?"

Pamenepo n'kuti ndikudziwa kale chinthu china chimene anandiuzapo. Kudera lakwawoko amayi amakwera ulele mabasi wamba a boma, koma kondakitala amawang'ambirabe tikiti, ndiye aliyense amawerengedwa. Mikukwe ya ku Ntchisi ija inaimanso m'mutu mwanga. Kusiyana kwake, awa anali anthu enieni, oti mutu sugubuduka.

Lachisanu, tsiku lathu lopuma, ine ndi Selvi tinakumana ndi amuna a m'mudzi mwawo ogwira ntchito kuno, pasiteshoni ya Msheireb. Anabwera asanu ndi mmodzi, ena alonda, ena oyendetsa magalimoto. Wamkulu wawo, bambo wa ndevu zapamlomo zonga tsache, anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Mayi, amayi anga sanatuluke m'mudzi chaka chonse. Ndiwauze kuti akwere basi akatani?"

"Akaone tauni."

"Aona kale."

"Ndiye akaone ngati idakalipo. Bambo inu, mumawaimbira Lachisanu lililonse kuwafunsa ngati adya. Lero muwauze chinthu choti achite."

Anzake anaseka, iye sanaseke. Koma wina wachinyamata anati agogo ake amakwera basi yomweyo kukatenga mankhwala a mtima, ndipo anatulutsa foni pomwepo. Ena anatsatira. Ndinaima pakati pa siteshoni yonyezimira ija, masitima opanda dalaivala akudutsa pansi pathu, ndikumvera amuna akuluakulu akunyengerera amayi awo m'chinenero chimene sindimva kuti akwere chibasi chakale. Ndinamva kukoma, sindinama.

Masiku oyamba zinayenda ngati madzi. Selvi ankandionetsa zithunzi: nkhalamba zitavala nsalu zawo zabwino, maluwa m'tsitsi, zitadzaza mipando. Zikafika kutauni zinkakhala pamthunzi pafupi ndi msika, kudya zokazinga, kunena anthu odutsa, madzulo n'kubwerera. Ndinayamba kuyenda modzimva m'chipinda chochapira. Ndinamuuza Selvi kuti akadzaika chikwangwani pasiteji alembepo dzina langa.

Tsopano tcherani khutu, poti apa ndi pamene agogo anu anapunthwa.

Sindinafunse kumene basi imayambira. Ndinkangoganiza kuti imagona m'mudzi mwa Selvi n'kunyamuka ili yopanda munthu. Chonsecho kumtunda kwake kuli mudzi wina, ndipo imayambira kumeneko. Midzi iwiriyi imakwatirana. Amayi a kumunsi anauza ana awo okwatiwa kumtunda, iwo n'kuuza apongozi awo, ndipo pofika sabata yachiwiri nkhalamba zakumtunda zinati basi ndi yathunso, nafe tiipulumutsa. Selvi naye sanaganizeko, iye anazolowera basi yobwera ndi anthu atatu ndi thumba la anyezi.

Tsiku lachipatala la mayi ake, basi inafika pasiteji yawo itadzaza kale. Amayi amiyendo yamphamvu anadzipanikiza n'kulowa. Mayi a Selvi amayenda ndi ndodo, phazi lili m'bandeji. Pamene ankafika pakhomo la basi munalibe poponda. Dalaivala anaimba belu n'kunyamuka. Munthu yemwe tinkachitira zonsezi ndi amene anatsala pasiteji, buku lachipatala lili m'manja.

Foni inalira tikuyamba shifiti yam'mawa. Ndinaona nkhope ya Selvi ikusintha. Anandiyang'ana n'kunena mawu ochepa okha.

"Nzeru zanu zija, Akka. Amayi atsala."

Ana inu, mkwapulo wa abambo anga sunandipweteke ngati mawu amenewo. Woyang'anira ntchito ankakuwa kuti "Yala, yala, mashiti akudikira!" koma ine ndinkangoganiza za phazi lija. Phazi la munthu wa shuga si loseweretsa. Ndinaonapo anthu kwathu atadulidwa mwendo chifukwa cha bala longa limenelo.

Anawapulumutsa ndi bambo wamkaka uja. Anawakweza panjinga yamoto pakati pa zigubu, phazi lodwalalo atalikweza pamwamba pa chigubu, n'kuwoloka nawo mtsinje. Anafika anamwino akutseka kale mndandanda, bandeji itanyowa ndi magazi. Anawalandira, koma anawakalipira, ndipo balalo linabwerera mmbuyo.

Selvi sanandilankhule masiku asanu ndi anayi. Tsono kumbukirani ntchito yathu. Shiti iliyonse tinkayandikirana, manja n'kukumana, iye maso ali kumbali, n'kubwerera. Kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, kukumana manja ndi munthu amene sakukuona. Nthawi ya nkhomaliro ankatsegula kabokosi kake ka mpunga ndi tsabola uja amandigawira nthawi zonse, n'kukhala kutali. Ndinaonda, musaseke.

Tsiku lachikhumi ndinagwira nsonga za shiti osazisiya.

"Mng'ono wanga, ndinalakwa kusafunsa kumene basi imayambira. Chimenecho ndikupepesa, ndi mtima wonse. Koma zokweza amayi aja sindipepesa."

"Ndikudziwa kuti simupepesa," anatero. "Siyani shitiyo, ikukwinyika." Anayamba kundilankhula kuyambira pamenepo, koma mwa apo ndi apo, ngati mpopi wa ku Area 25.

Patapita mwezi anabwera akuthamanga, foni ili m'mwamba. Pagalasi panali mayi ake, kamayi kakang'ono ka tsitsi loyera, akukuwa m'chinenero chawo n'kumandiloza ndi ndodo.

"Akuti chiyani?"

"Akuti ndinu mayi wamutu woipa, ndipo mukadzabwera adzakumenyani ndi ndodo imeneyi." Selvi ankaseka misozi ikutsika. "Akutinso mudzadye kaye."

Nkhani yake inali iyi. Tsiku lomwe anatsala pasiteji lija, wowerenga anthu anali m'basimo, atakhala pawindo, atakwerera kumtunda. Anaona mipando yodzaza, anaona anthu oimirira, ndipo anaona mayi wokalamba wa phazi la bandeji akuthamangira basi ndi ndodo, kenako n'kukhala pansi m'fumbi akutukwana dalaivala, kondakitala ndi makolo awo. Kondakitala akuti bamboyo analemba tsamba lonse. Basi sinachotsedwe. Anawonjezera ulendo wina wam'mamawa, woyambira m'mudzi mwa Selvi. Phazi lija linatenga miyezi, koma linapola. Mpando wakumbuyo kwa dalaivala tsopano ndi wa mayi a Selvi, ndipo palibe amene amayerekeza kukhalapo.

Mukuganiza kuti anandithokoza amuna aja? Ndinakumana ndi wa ndevu za tsache uja pa Msheireb pomwepo, n'kunditsekera njira.

"Mayi, mwatiwonongera mudzi. Ndikaimba, amayi sali pakhomo. Ali kutauni, akudya zokazinga, dokotala anawaletsa mafuta. Mbuzi zikudzidyetsa zokha!"

"Basi ikuyenda?"

"Ikuyenda, koma..."

"Ndiye muziimba madzulo."

Nkhalamba zija zinazolowera. Palibe akuziwerenganso, koma zimakwerabe, zakumtunda ndi zakumunsi, ndipo akuti zayamba kukangana za mipando yapawindo. Anthu ndi otopetsa, ana inu. Ukawasiya m'mudzi akudandaula, ukawakweza basi ana awo akudandaula, ndipo chikwangwani cha dzina langa chija mpaka lero sindinachione.

Tsono Tadala, Lolemba upite ukapepese kwa aphunzitsi ako, ndipo upepese zenizeni, chifukwa chule wakoyo sanaimitse basi iliyonse. Iwe Ulemu usiye kuseka, ndikudziwa kuti amene anagwira chuleyo kudambo ndiwe, mkulu wako amaopa ngakhale nyerere.

Mutu wanga woipawu muli nawo, sindingauchotse, ndipo sindikufuna. Koma nzeru ina ikadzakubwererani, muyambe mwandiimbira. Ndidzakufunsani zinthu ziwiri zimene ine ndinaphunzira mochedwa, china ndi mkwapulo, china ndi masiku asanu ndi anayi opanda mpunga wa Selvi: jekete abweza ndani, ndipo pasiteji atsala ndani? Mukayankha bwino, luzi ndidzakutumizirani ndine.

Mayi anu muwaonetse ndime ya kupepesa ija yokha. Zinazi n'zathu.

Ndine agogo anu, amene Sindiima anawaimira.